Kanjedza Wamwamuna wa a Hojanepes

Kuno ku Etrek, munthu akadzala kanjedza anzake amamuseka. Chilimwe chimawotcha ndithu, kanjedza n'kumakondwa, koma pakapita zaka zingapo pamagwa chisanu choumitsa madzi m'ndowa. A Hojanepes ankazidziwa zonsezi. Kungoti anali nkhutukumve, ndipo atapuma pa ntchito yoyendetsa thirakitala anadzalabe akanjedza anayi kuseri kwa nyumba, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi.

Aakaziwo ankawakonda mpaka akazi awo, a Ogulbossan, n'kumawatcha kuti "akazi anzanga". Wamwamunayo ankamunyoza poyera kuti ndi mlesi, wongomwa madzi osabala kanthu. Chonsecho chaka chilichonse ankamukwera kukadula maluwa ake n'kukawamangirira m'matsango a aakaziwo, poti popanda mungu umenewo kanjedza sabereka chipatso chodyedwa.

Tsiku lina masana mu Januwale mphepo inatembenukira kumpoto, nkhosa n'kuyamba kuunjikana m'khola. A Hojanepes ndi akazi awo anayalula mikeka yaubweya m'nyumba kuti akafunditse mitima ya akanjedza, pamwamba potulukira masamba atsopano. Mikekayo inalipo itatu.

"Bambo a Maral, yambani kufunditsa mwamunayo," anatero a Ogulbossan.

"Ndifunditse mlesi, obereka agone pamtetete? Mwapenga kodi?"

"Wamkazi mmodzi akafa titsala ndi awiri. Nanga uyo akafa?"

"Mwamuna safa ndi mphepo. Ine ndalima m'chisanu zaka zonsezi, ndinafa?"

"Inutu mumavala chikhoti."

Sanamve. Ine ndimati anamva, koma kuvomera kuti mkazi wanena zoona kunawakulira.

Chisanucho chinakhalitsa, masamba onse anapsa. Kutayamba kufunda a Hojanepes anavundukula aakaziwo n'kupeza mitima ili yobiriwira, ndipo anayenda modzigomera tsiku lonse. Wamwamunayo anamukwera mawa lake. Atagwira tsamba lapakati kuti amve ngati lalimba, linangosololoka m'manja mwawo, tsinde lili lofewa, likununkha. Kenako anatsika.

A Durdy, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda. "Achimwene, ndamva mwatsala ndi amasiye atatu. Muwalowa chokolo nokha?"

Likanakhala tsiku lina a Hojanepes akanawayankha mpaka a Durdy n'kuthawa, koma ulendo uno anangolowa m'nyumba.

Anayenda m'midzi yonse yapafupi kufunafuna mungu. Akanjedza aamuna ndi ochepa kuno, ndipo amene sanafe anali atapsa moti sanatulutse duwa chaka chimenecho. Wamoyo bwinobwino analipo mmodzi, wamtali, woonekera ali pakhonde pawo pomwe. Koma anali tsidya la mtsinje, m'dziko la eni, kuseri kwa waya ndi asilikali. Kudzala wina n'kotheka, koma kanjedza amachedwa kuchita maluwa, ndipo maondo a a Hojanepes anali atayamba kale kukana makwerero. Zinawapweteka kwambiri, poti madzi akatayika sawoleka.

Aakaziwo anachita maluwa ochuluka chaka chimenecho, ngati mwadala. Mphepo ikawomba kuchokera kutsidya, a Hojanepes ankakwera n'kumatambasula matsango ndi zala, kuwalozetsa kumtsinje, mwina kafumbi ka mungu kangaoloke. A Ogulbossan ankagwira makwerero, ndipo mawu oti "ndinanena" sanawatulutse ngakhale kamodzi. Tizipatso tinatuluka tating'ono, topanda njere, n'kumayoyoka tisanakhwime.

A Durdy anabwera ndi nkhwangwa kuti awathandize kugwetsa wakufayo, koma anabwezedwa pachipata. M'mawa wina, dzuwa litayamba kale kuluma, a Ogulbossan anapeza mkeka umodzi wasowa m'nyumba. Atatuluka anaona amuna awo ali pamwamba pa thunthu lopanda masambalo, akulikulunga ndi mkekawo n'kumamanga chingwe mosamala.

"Bambo a Maral, kukutenthatu. Mukufunditsa chiyani?"

"Ndisiyeni, mayi a Maral," anayankha osacheuka. "Ndinamugoneka pamphepo."