Sukulu Ziwiri za Mwana wa Mayi Belita

Pamsika wa Chiringa palibe amene sadziwa mayi Belita ogulitsa kalongonda. Amakhala pansi pa mtengo wa mango, beseni lili patsogolo, maso ali uku ndi uku ngati a nkhuku ya anapiye. Ukawapatsa moni mwansangala amayamba akuyang'ana m'manja, kenako n'kuyankha.

Kalongonda ndi nyemba yosafuna ulesi. Ukaiphika mothamanga imaledzeretsa, ena mpaka amakagona nayo kuchipatala. Umawiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, nkhuni n'kutha mtolo. Mayi Belita amati munthu nayenso ndi wotero, sumukhulupirira pa madzi oyamba. Vuto lawo n'lakuti madziwo amangotaya chaka ndi chaka, munthu osapsa ndithu.

Sanabadwe otero ayi. Ali mtsikana ku Nazombe ankaimba kwaya, ndipo kuseka kwawo kunkamveka kutsidya kwa mtsinje. Anakwatiwa ndi a Laston, amene ankapalasa njinga kukapikula matemba kunyanja ya Chilwa. Maulendo aja anayamba kutalika, mpaka zinaululika kuti bamboyo ali ndi banja lina kudoko, ana oyenda kale. Mkazi winayo sanawapweteke mtima kwenikweni. Chinawapweteka n'chakuti mudzi wonse unkadziwa, ngakhale mng'ono wawo weniweni Aliness, ndipo onsewo ankawadzutsa m'mawa uliwonse ngati palibe kanthu. Aliness anapepesa kuti ankaopa kupasula banja. Mayi Belita anagwedeza mutu, koma mawuwo anawasunga.

A Laston anawasiyira mwana mmodzi, Ufulu, mtsikana wofatsa koma wa mutu wakuthwa. Atasankhidwa kupita kusekondale ya pafupi ndi Chiringa, ankagonera kwa Aliness, amene amagulitsa kaunjika kumeneko. Mayi Belita analola chifukwa chosowa pogwira, koma Loweruka lililonse mwana ankaulula zonse: wadya chiyani, wapakula ndani, ana a Aliness anadya nawo mbale yomweyo kapena ayi.

Ndiye chaka chatha mwayi unabwera pawiri ngati mapasa. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre inamutenga Ufulu. Pasanapite nthawi, bungwe lina lothandiza atsikana linamupezeranso malo ku India, n'kulonjeza kulipira zonse. Anamupatsa nthawi yochepa yoti asankhe kumodzi.

Wina akanavina. Mayi Belita anatseka chitseko n'kukhala pansi. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti mwana ameneyu asawapulumuke m'manja ngati mmene anapulumukira bambo ake, anthu akuonerera. Ku Blantyre n'kumene mtima wawo unali, poti minibasi ya m'mawa imakafika dzuwa lisanatenthe.

Koma nkhani yabwino sibisika. Aphunzitsi aakulu a kusekondale anabwera panjinga yamoto kudzayamikira.

"Mayi, mwayi wa kunja subwera kawiri. Mumulole mwanayu apite," anatero.

Atachoka, mayi Belita anamuuza Ufulu kuti, "Wawamva? Akufuna akutaye kutali kuti malo ako a ku Blantyre apatse m'bale wawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Amayi a kutchalitchi anapempha kuti achite mapemphero othokoza, iwo anakana. Aneba ankauzidwa kuti Ufulu akukaphunzira zosoka ku Mulanje, bodza loti ngakhale mbuzi za pamudzipo sizikanalikhulupirira. Mwana analetsedwa kudya pakhomo pa munthu. Akaluka tsitsi, zotsalira pa chipeso ankazitola n'kuzitentha. Akadutsa pabwalo, amayi ake ankabwera pambuyo ndi tsache kufufuta mapazi, kuopa kuti wina angatape dothilo n'kukamutsekera nzeru. Anzake akabwera kudzacheza ankauzidwa kuti wachoka, iye ali m'nyumba akumva. Zinali zomvetsa chisoni, mtsikana wokhoza kuposa onse m'deralo akukhala ngati wakuba nkhuku.

Lamlungu lina masana Aliness anatulukira atasenza sutikesi, m'kati muli majuzi awiri ndi nsapato zimene anasankha yekha pabelo.

"Achemwali, ndabweretsa tizovala ta mwanayu. Koma ine ndikanakonda apite ku Blantyre. Akadwala tikamuona, nayenso maliro akagwa kuno azibwera."

Apa mayi Belita anasokonezeka. Maganizo anali awo omwe, koma atuluka pakamwa pa Aliness. Ngati Aliness akufuna Blantyre, ndiye kuti ku Blantyre kuli kanthu.

"Bwanji ukufuna akhale pafupi?" anafunsa. "Kuti dzanja lako lizimufikira? Ana ako atatu onse analephera mayeso, wanga yekha n'kukhoza, iwe n'kumasangalala? M'majuzimu waikamo chiyani?"

Aliness anati, "Mwana ameneyu ndamuchapira, ndamuphikira zaka zonse za kusekondale. Ndikanafuna kumuchita choipa, ndikanadikira lero?"

"Za a Laston unadikira zaka zingati osandiuza?"

Aliness anaimirira. Anasenzanso sutikesi yake, misozi ili m'maso, n'kubwerera. Ufulu anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo anaona zonse.

M'mawa mwake akusenda kalongonda, mwana anayankhula osakweza mutu.

"Amayi, ndasankha. Ndipita ku India."

Mayi Belita anasiya kusenda. "Wakunong'oneza ndani? Aphunzitsi aja?"

"Palibe."

"Ndiye ndi Aliness. Dzulo amanena Blantyre dala kuti ine ndikane."

"Amayi, palibe amene wandiuza. Sukulu zonse ndi zabwino, ndipo ya ku Blantyre ndinkaifuna kuyambira kale. Koma ku Blantyre n'pafupi. Muzibwera mwezi uliwonse kudzandifunsa amene ndadya naye, amene ndagona naye chipinda chimodzi, amene wandibwereka buku. Ndatopa kuopa anthu amene sanandilakwire. Udokotala ndi ntchito yogwira anthu, amayi. Ndikakhala pafupi ndi inu ndidzayamba kuwaopa odwala."

Anayankhula mofatsa, mwaulemu wake wonse, ndipo n'chifukwa chake mawuwo analowa kwambiri. Mayi Belita anafunafuna munthu woti amuloze chala, koma pabwalopo panali iwo, mwana wawo ndi beseni la nyemba. Anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusenda.

Tsiku la ulendo sanauze munthu, monga mwa lamulo lawo. Panalibe pemphero, panalibe womuperekeza wina. Anayenda awiriwiri mpaka pamsewu, katundu ali m'chikwama chakale cha kusekondale. Minibasi itafika, Ufulu anagwada pang'ono, n'kuwagwira dzanja, n'kukwera.

Masiku anayamba kudutsa, kafoni kawo ka mabatani kali zii. Ankakatchajitsa pamsika tsiku lililonse, n'kumafunsa wotchajayo ngati sanakasinthe kanthu m'kati. Anakumbukira nkhani za pawailesi za atsikana olonjezedwa zabwino kunja n'kukasanduka akapolo. Chakudya chinakana kulowa. Kalongonda wa sabata imeneyo anapserera pamoto, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi nawo ndiye anawauza kuti a kunja amaimba pa Watsapu, ndipo pamafunika foni yaikulu. Pa abale awo onse, foni yotero anali nayo ndi Aliness yekha.

Kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa benchi ya kaunjika si patali, koma tsiku limenelo mayi Belita anayendapo pang'onopang'ono. Anamupeza Aliness akupinda malaya. Sanadziwe poyambira, anangoima ngati wogula.

Aliness anawapatsa mpando. Sanatchule za majuzi, sanatchule za a Laston.

"Anafika bwino, achemwali. Amaimba pafupifupi tsiku lililonse. Chakudya cha kumeneko akuti tsabola wachuluka, koma wapeza anzake."

Anatsegula foni n'kuwaonetsa chithunzi. Ufulu anali pakati pa atsikana achilendo, wina atamukoleka dzanja m'khosi, onse akudya m'mbale imodzi. Ankaseka kukamwa konse, kuseka kumene amayi ake anali asanakuone pankhope pake chiyambire sekondale.

"Sanafunse za ine?"

"Amafunsa nthawi zonse. Ndinafuna kubwera kudzakuuzani tsiku lomwe anafika, koma iye anandiletsa. Anati mukamva kwa ine mudzati ndapeka. Anati ndidikire mpaka mudzabwere nokha."

Mayi Belita anaigwira foniyo ndi manja awiri. Anafuna kufunsa ngati chithunzicho sichinakonzedwe, poti masiku ano anthu amatha zambiri. Funsolo linafika pakamwa, iwo n'kulimeza.

"Akaimbanso," anatero motsitsa mawu, "umufunse ngati angalole kuyankhula nane."