Dzina Limene Sipika ya ku Libuyu Sinaitanepo

Fakitale ya nsalu itatseka zipata, ndinazungulira Livingstone miyezi inayi ndi mapepala anga m'thumba mpaka anayamba kung'ambika mopindamo. Ndinayesako kugulitsa zosemasema ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo mzungu akanenerera kwambiri ndinkangomulanda njovu yanga. Ndiye mmawa wina ndinauza mkazi wanga Namakau kuti ndikupita ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene ankati akufuna omanga nyumba. Sanatsutse. Anandikulungira nsomba zouma m'nyuzipepala, n'kundiperekeza ku msewu wa Nakatindi, mwana wathu Inonge ali kumsana, mpaka ndinapeza lole yopita ku Kazungula.

Namakau sankadziwa kuwerenga. Anakulira kumudzi cha ku Senanga, kumene sukulu inali kutsidya kwa madzi. Choncho makalata anga ankawerengedwa ndi Ba Mubita, mkulu wa mpingo amene kale anali wa zamagetsi pa fakitale yathu. Ankawerengera pakhonde, magalasi ali pamphuno, ndipo aneba ankabwera ndi mipando yawo. Podziwa zimenezi, ndinkalemba ngati wowerenga nkhani pa wailesi: ndili bwino, ntchito ilipo, ndalama ndapatsira dalaivala wa lole. Ndikanalemba bwanji kuti timagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, kuti Lamlungu limatha osalankhula ndi munthu chilankhulo changa, kuti ndamusowa mpaka chakudya sichikoma? Komboni yathu yonse ya Libuyu ikanandiseka chaka chathunthu.

Mayankho akenso ankabwera m'zilembo zokongola za Ba Mubita, ouma chimodzimodzi. Tili bwino. Talandira. Mwana wamera mano. Lero ndimadziwa kuti nayenso ankachita manyazi omwewo, koma nthawi imeneyo ndinkati mtima wake wazizira.

M'chaka chachinayi makalata analekeka. Miyezi isanu ndi iwiri, zii. Mnzanga wina wa ku Maramba, ku Livingstone komweko, amene tinkakanda naye simenti, anandithira mchere pabala. "Mudala, ku Livingstone manje kuli ma loji, anyamata ba maboti bali na ndalama. Mukazi ni munthu, sangadye makalata." Ndinamuponyera fosholo, koma mawu akewo anakhala.

Kenako panabwera kalata ya zilembo zokhotakhota, zina zogona, zina zoyang'ana kumbuyo. Inali yaifupi: "Imbani foni Loweruka 14 awazi. Nambala ndi iyi. Ndine Namakau." Sizinali zilembo za Ba Mubita. Ndipo foni ku Libuyu? Ine ndinasiya foni ili m'maofesi ndi m'nyumba za mabwana. Ndinagamula mlandu ndekha: pali mwamuna wa foni m'nyumba, Namakau wamulembetsa kalata kuti andiuze pa foni kuti banja latha, iye ali pambali kumvetsera. Sindinaimbe. Loweruka lililonse, 2 koloko masana ikakwana, ndinkadutsa pa foni ya pa positi ofesi nditakukuta mano. Patapita miyezi itatu ndinakwera basi osauza aliyense, kuti ndikawagwire.

Ndinafika ku Libuyu masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndili pafupi ndi msika, mawu anaphulika kumwamba. "Bamake Mutinta! Bamake Mutinta! Bwelani ku foni, ni mwana wanu wa ku Kitwe!" Mayi wina anasiya tomato wake n'kuthamanga, chitenje chili m'manja. Ine ndinaima chilili, chifukwa mawu amenewo anali a mkazi wanga.

Ndinalondola waya kuchoka pa sipika imene inali pamwamba pa mzati, mpaka pa kachipinda ka njerwa kofolera ndi malata a mitundu itatu. Pakhomo panali Ba Mubita, akupukuta batire ya lole. Anandikumbatira, n'kuyamba kundionetsa zonse ngati ndine nduna. Njerwa anaumba okha amayi a pamsika. Anasonkherana kwa nthawi yaitali n'kupempha foni imodzi ya onse, ndipo ankapita ku ofesi mosinthana mpaka a kumeneko anatopa nawo. Sipika anaitola pa zotayidwa za fakitale yathu yomwe ija, imene ine ndinkati yafa ndi zonse. Pakhoma panali bolodi lakuda lolembedwa ndi choko: loji ina ikufuna mazira, ina masamba a repu, ina ochapa awiri. Kale amayi ankayenda ndi masamba pamutu kukagogoda m'maloji, n'kubwerera atafota. Tsopano oda inkabwera pa waya, iwo n'kumathyola zimene zafunidwa.

"Manje vuto inali ni iyi," anatero Ba Mubita. "Foni ikalila, ofunika munthu olemba meseji. Ine nekha siningakwanise. So tinaika mabenchi." Analoza mabenchi anayi ndi masileti. Madzulo aliwonse, msika ukazizira, amayi ankakhala pamenepo kuphunzira zilembo, ndipo amene wadziwa ankaphunzitsa mnzake.

Namakau anatuluka, choko chili m'zala. Sanathamange, sanakuwe. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi.

"Batate bake Inonge, kalata yanga simunaione?"

"Ninaiona. Nenze kufuna kuziba bamene banakulembela."

"Ninalemba nekha." Anaika choko pawindo. "Ninalumbila kuti siniza tumiza futi kalata ya pakamwa pa munthu wina. Myezi seveni nenze kuphunzila, kuti mukalemba nizibelenga nekha. Foni nayo, niikila pa khutu yanga chabe, palibe bomvela. Nenze kufuna mukambe vamene simukamba."

Ndinasowa poponya maso. Mkwiyo wonse umene ndinanyamula kuchokera ku Francistown unasanduka manyazi, ndipo anali manyazi olemera kuposa chikwama changa. Inonge, amene tsopano anali pafupi kuyamba sukulu, anandiuza zotsalazo kunyumba mosabisa, monga achitira ana. Loweruka lililonse mayi ake ankavala diresi la kutchalitchi n'kukakhala pafupi ndi foni. Ikalira ankalumpha, kenako n'kuitana dzina la munthu wina pa sipika. Anaitana Libuyu yonse, koma dzina lake silinamvekepo.

Ndinapita kunja kwa dziko ndikuganiza kuti ndine ndidzabweretse chitukuko m'chikwama. Ndinabwera ndi wailesi ndi mabulangete awiri, n'kupeza kuti otsala aja amanga chinthu chimene ine sindikanachilota, ndi zinthu zimene ndinazipondaponda pochoka. Mpaka lero ndikamva anthu akunyoza amayi a pamsika, ndimadzuka n'kuchokapo ndisanalakwe.

Loweruka lotsatira ndinati ndikupita kukafuna ntchito m'tauni. Ndinayenda pansi mpaka ku positi ofesi, n'kuima pamzere ndi kalata yokhotakhota ija m'manja. Nthawi itakwana ndinaimba. Ndinali nditapangana ndi Ba Mubita kuti ayankhe ndiwo, ndipo kudzera m'foni momwemo ndinamva sipika ikubangula kutali: "Bamake Inonge! Bamake Inonge! Foni yanu, ni bamuna banu!" Ndinamva amayi akululutira, kenako mapazi, kenako kupuma kwake pa khutu langa.

"Halo," anatero. "Mwachedwa. Kambani manje, nili nekha."