Belu la Shehata

Shehata amagwira ntchito yotseka msewu pamene sitima ikudutsa, kumudzi kwathu kufupi ndi mzinda wa Tanta. Belu likalira amakoka tcheni, ndipo magalimoto, abulu ndi ana asukulu amaima. Ine ndimagulitsa tiyi pomwepo, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Mnzake wosinthana naye atadwala, mabwana sanatumize wina. Shehata anasowa tulo, ndipo belu lija linasamukira m'mutu mwake. Njinga ikangoliza belu iye ali pakati pa kudya, ankadzambatuka n'kukuwa kuti, "Imani!" Mkazi wake Nagat, yemwe ankafika ali wotopa kuchokera ku fakitale ya thonje, anasiya kumuyankha. Mwana wawo Warda, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anaphunzira chinthu chimodzi: bambo akakuwa, thawa.

"Abu Warda," ndinamuuza Shehata tsiku lina, pomuitana ndi dzina lotanthauza bambo a Warda, "mwana wako amakuopa kuposa galu wa kwa Haji Metwali."

"Aa, amalume, choopsa pano ndi tiyi wanuyu," anatero akuseka.

Masana ena Warda anabwera ndi mkate ndi nyemba zimene mayi ake anasiya popita ku ntchito. Anali atawoloka kale njanji, akuyandikira kwa bambo ake, pamene belu linalira. Akanangopitiriza kuyenda, palibe chikanachitika. Koma Shehata anakuwa ndi mawu ake aja.

"Warda! Iwe!"

Mwanayo anataya mbale, n'kutembenuka, kuthawa bambo ake. Anathamangira kunjanji.

Sitima inadutsa. Inali yonyamula katundu, yaitali, ndipo sitinkaona chilichonse tsidya linalo. Shehata anangoima, tcheni ali m'manja, kukamwa kuli yasa.

Bogi yomaliza itapita, tinamuona Warda ali moyo, atakakamira diresi la mayi wogulitsa malalanje. Shehata anawoloka, n'kugwada m'fumbi.

"Bwera, mwana wanga," ananong'ona.

Warda anabisa nkhope m'diresi muja. Sanabwere.

M'mawa mwake Shehata anandipempha kuti ndimuperekeze kwa dokotala, ndipo ndinatseka malonda anga n'kupita naye. Ntchito sanasiye, poti ana sadya mantha a bambo awo. Chakudya Warda amabweretsabe, koma amaima tsidya lija n'kudikira ine kuti ndikachitenge.