Tinatuluka m'chikuta mchombo usanagwe

Mwana wanga wachiwiri anali ndi masiku anayi pamene bambo ake anabwerera msanga kuchokera ku Limbuli, kumene amapalasa kabaza. Sanalowe m'nyumba, poti ine ndinali m'chikuta. Kwathu khanda silituluka mchombo usanagwe, ndipo mwamuna salowamo. Anandipatsira foni pawindo.

"Amake mwana, taonani ichi."

Ndinaona chinthu choyera chopiringizika ngati nkhata, chili ndi kabowo pakati.

"Namondwe ameneyo. Ali panyanja ku Mozambiki. Akuti mawa afika kuno, ndiye onse a m'mbali mwa mtsinje tipite kusukulu."

"Wajambula ndani, mitambo kuionera pamwamba?"

Anandiuza zimene anamva kwa aphunzitsi ena amene amawanyamula. Akuti kumwamba kwenikweni, kupitirira kodutsa ndege, kuli makina otchedwa setilaiti. Mulibe munthu. Muli kompyuta, ndiyo imawawongolera kuti asasochere, imatembenuzira mapiko awo kudzuwa kuti apeze moto, imajambula n'kutumiza pansi. Pansi pano makompyuta ena amawerengera njira imene mphepoyo idzere.

Koma panja kunali ngwee. Phiri linkaoneka lonse, mpaka timizere ta madzi pamathanthwe.

Amayi anga, amene ankandisamalira m'chikutamo, anamva zonse.

"Uwauze akamwiniwo kuti mwana si thumba la makala lokweza panjinga," anatero mokweza, kuti mawu atulukire pawindo. "Chinthu chosabala chidziwa chiyani za mchombo? Kusukuluko kukhala anthu otentha okhaokha. Mwana akadwala tsempho adzamuchiza ndi foniyo?"

"Amayi, Napolo safunsa masiku a mwana," anayankha bambo akewo, atanjuta kuseri kwa khoma.

Ine pakati. Ndikayang'ana kamchombo kaja, kadakali kakuwisi, mtima unkati khala. Ndikamva mtsinje kuseri kwa nthochi, unkati thawa. Ndinaonapo khanda litatupa miyendo anthu akunong'ona za tsempho. Ndinaonaponso mwala waukulu ngati nyumba uli pakati pa munda wa chimanga, utabwera ndi madzi. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, sindikanatha kutsutsa amayi kapena kompyutayo. Ndinangoti tidikire.

Chakumasana ndinaitanitsanso foni. Ndinati andionetse chithunzi cham'mawa, kenako chatsopano. Ndinaika chikhadabo pamene panali kabowo poyamba. Nkhata ija inali itachokapo, m'mphepete mwake mutakwera kale kumtunda, mbali yomweyo imene ananena. Ndinamuchotsa mwana kubere.

"Amayi, ine ndikupita. Mukandikalipire konko."

Anayamba kulankhula Chilomwe, monga amachitira akakwiya zedi. Mwana ndinamumangira pachifuwa, osati kumbuyo, kuopa kukhula mchombo. Ndinamukuta zitenje ziwiri, pamwamba lipepala la pulasitiki lija amavala othyola tiyi. Kenako ndinadumpha pakhomo. Njira yonse ndinkapisa chala m'zitenjemo kumva ngati akupuma. Nditacheuka ndinaona amayi akubwera, atasenza mkeka ndi ketulo, nkhope ili gwa.

Kusukulu amayi anasankha ngodya ya kalasi, n'kugubuduza madesiki atatu, n'kupachikapo zitenje. Iwo anakhala pakhomo pa kachikutako, miyendo atatambasula.

"Aliyense aonere patali. Wofuna kunyamula mwana akabereke wake."

Mvula inayamba m'mawa mwake ndipo sinapume. Tsiku lachiwiri tinamva phokoso kuphiri ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Pansi pankanjenjemera. Amayi ena m'kalasimo anayamba kulira, kuitana mayina a amene anatsala kumudzi. Ine ndinangokumbatira mwana, kumuwerenga mpweya. Akayetsemula, ine ndi amayi tinkayang'anana.

Mchombo unagwa tsiku lachitatu, mwana akuyamwa bwinobwino, thupi losatentha. Amayi anautola, nauyang'ana nthawi yaitali, n'kuumanga pansonga ya chitenje chawo. Kokaukwirira kunalibe. Bambo ake anali atapita kukaona kumudzi, ndipo anapeza pamene panali nyumba yathu pali matope ndi miyala.