Mikanda ya Malita

Khalani pansi anzanga. Iwenso Jesi, madoilo ukulukawo sathawa. Mwakhala mukufunsana kuti chibwerereni ku Botswana, bwanji ine Eneresi ndikuyenda ngati ndameza mwala. Lero ndinena, koma wina asandidule pakamwa.

Tsiku limene azakhali anga, aja amakagulitsa madoilo ku Francistown, anati kuli dona wina akufuna mtsikana wa m'nyumba, sindinadikire kuti amalize. Ndinati ndipita! Bambo anali atamwalira, ntchito kunalibe, ndiye aliyense mulokesheni yathu ino ya St Mary's anati Eneresi watsata pula, ndalama ya ku Botswana. Zoona, pula ndinkaifuna. Koma chimene chinandikweza sitima kwenikweni ndi Malita. Ndinatopa kumuona akudutsa pageti pathu, akupereka moni kwa amayi ngati palibe chinachitika.

Enanu mumamudziwa kuti Maidei, uja amasoka ku Zengeza 3. Ndi Malita ameneyo, mwana wa a Banda a ku Dedza, kwawo kwa bambo anga komweko. Tinakulira limodzi. Mayi ake atamwalira ankadya kwathu, kugona kwathu. Titatha msinkhu tili mu Giredi 7, amayi anatitungira mikanda ya m'chiuno tonse awiri, yofiira ndi yoyera. Ulusi unali umodzi, anangodula pakati. Anati, "Izi n'zanu atsikana, sizoonetsa anthu."

Kusukulu mukudziwa mmene zinalili. Ana achishona ankatitcha mabwidi, ana a obwera opanda kumudzi, poti holide ikafika anzathu ankapita kumidzi kwawo, ife n'kutsala mulokesheni. Malita anachenjera. Chishona chake chinali chosalala, anadzitcha Maidei, n'kumati kwawo ndi ku Murehwa. Ine lilime linkandigulitsa ndikangotsegula pakamwa.

Ndiye tsiku lina pa netibo ndinalumphira mpira, bulauzi n'kukwera. Chimtsikana china, Chipo, chinakuwa, "Huyai muone mushonga wemubwidi!" Ati bwerani mudzaone mankhwala. Anandigwetsa pafumbi, anandivundukula anyamata akuona, Chipo n'kukoka ulusi uja. Thu! Mikanda mbwee bwalo lonse. Anyamata ankatola n'kumandigenda nayo.

Malita anali pomwepo, anzanga. Pafupi ngati pamene wakhala Jesipo. Manja onse awiri ali m'chiuno, kupanikiza yake kuti isaoneke. Ndinalira m'Chichewa, "Malita, auze kuti si mankhwala!"

Chipo anatembenuka kumufunsa kuti ndikuti chiyani. "Maidei, ari kuti chii uyu?"

Malita anayang'ana pansi. "Handinzwe zvaari kutaura."

Ati sakumva zimene ndikunena! Munthu woti m'mawa womwewo tinamwera kapu imodzi! Chaka chonsecho ndinali mfiti, desiki yanga palibe ankakhalapo. Za Chipo ndinaiwala, galu ntchito yake n'kuluma. Koma Malita, ayi.

Ku Francistown ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya dona, ine ndi chitsulo chositira basi. Chitswana sindinkachimva, ndipo munthu wolongolola ngati ine kukhala tsiku lonse osayankhula ndi matenda. Chinandipulumutsa ndi telefoni. Dona akangotulutsa galimoto, ine ndili kale pa telefoni, kuimbira kugolosale ya Che Yusufu kuno, iwo n'kutuma munthu kukaitana amayi. Bilu itabwera dona anandidula malipiro a mwezi wonse. Ndinalira, koma kodi ndinasiya? Ndalama zotsala miyezi ina ndinkagula sopo ndi mafuta ophikira, azakhali n'kubweretsa kuno.

Kenako amayi anasiya kubwera ku telefoni. Che Yusufu ankangoti, "Mwendo ukuwavuta mama, koma owasamala alipo, iwe gwira ntchito." Ndi iwo omwewo anandiuza nkhani yokoma: Maidei akukwatiwa ndi mnyamata wachishona, kalaliki, ndipo abale a mwamunayo akudziwa kuti akutenga mwana wa ku Murehwa.

Anzanga, ndinavina ndekha m'khitchini mwa dona! Ndinati Mulungu sagona. Bambo ake a Malita anabwerera ku Dedza kalekale osamvekanso, ndiye ndinadziwa kuti tsiku la roora, lopereka malowolo lija, adzabwereka achibale abodza. Pulani yanga inali yoti ndidzalowe ali pakati pokambirana, ndidzati, "Muli bwanji a Malita Banda?" kenako ndidzamukweze bulauzi apongozi akuona. Ndinagulira diresi yobiriwira ndi nsapato zazitali. Ndinkayeserera pagalasi la dona mpaka nkhope yoti ndidzaonetse.

Ndinatsika basi masana, chikwama pamutu, mtima uli dyokodyoko. Kulowa pageti, ndikumva munthu akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chichewa kuseri kwa nyumba. Kuzungulira, ndikupeza amayi ali pampando, atawonda, mkono wamanja uli lende, pakamwa patapotoka. Sunali mwendo, anzanga, anafa mbali yonse. Ndipo wogwada pansi, akuwatsuka mapazi m'beseni ndi sopo wanga yemwe uja wa ku Botswana, anali Malita.

Ndinawakumbatira amayi, ndinalira. Nditapukuta misozi ukali unabwerera pamalo pake.

"Maswera sei, Maidei?" ndinatero. "Lero Chichewa mukuchimva?"

Sanadzuke. "Ndinkachimva tsiku lijanso, Ene. Mawu ako onse ndinawamva. Mpaka lero ndimawamva."

"Ndiye wati uwagule amayi anga ndi beseni?"

"Sindinabwere kudzagula. Amayi anagwa pampopi paja, anthu atazungulira akungoyang'ana, ine ndikudutsa. Ulendo uno sindinathe kungoima."

"Bwanji osandiuza?"

"Anakaniza ndi iwo, mawu asanatsekeke. Amati usiya ntchito."

Ndinati ndimulase pomwepo. "A ku Murehwa ali bwanji? Abwera liti kudzalandira ng'ombe?"

"Mwamunayo ndinamuuza kale zonse," anatero. "Mayi ake ndi azakhali ake amva Loweruka lino, chifukwa akubwera pakhomo pano. Kwina kumene ndingawatengere kulibe. A Mbewe a kutchalitchi avomera kukhala ankhoswe. Koma azakhali akewo ndi ovuta, mtundu wathu saufuna. Adzafunsa mkazi wa m'nyumba muno ngati ndili mwana wa pano, ndi khalidwe langa. Amayi mawu satuluka. Watsala iwe."

Mwamva? Mkondo umene ndinanola zaka zonsezi, Malita yemweyo wauthyola ndisanauponye! Ndinapsa mtima kuposa tsiku la netibo. Ndinati, "Iwe, ngakhale kubwezera kwanga wandilanda?"

Apo anaimirira, anapukuta manja pachitenje, n'kupisa m'kati mwa bulauzi. Anamasula mikanda ija, yofiira ndi yoyera yomwe ija, ulusi wokha ndiye anasintha poti munthu wakula. Anandiika m'manja ikadali yofunda.

"Sindinakulande. Loweruka akakufunsa, ukafuna uidule pamaso pawo, unene kuti sukundidziwa. Ndidzatola ndekha."

Amayi anayesa kunena kanthu, malovu okha ndiwo anatuluka. Malita anawapukuta pakamwa osayang'ana n'komwe, mmene amachitira munthu wozolowera. Chimenecho ndiye chinandibaya. Ine ndinkati ndikusunga nyumba ndi sopo ndi telefoni, osadziwa kuti nyumbayo inapeza mwana wina. Iye akudziwa nthawi ya mankhwala, akudziwa kuti amayi akaphethira kawiri akufuna madzi. Ine madzulo ake ndinachita kufunsa kumene kumakhala masipuni. M'nyumba yobadwiramo!

Musandiyang'ane choncho, sindinakhululuke. Ndikatseka maso ndimaonabe manja ake ali m'chiuno, ine ndili pafumbi. Ndikufuna alawe, ngakhale kamphindi kokha, kuitana munthu wako iye n'kuyang'ana pansi. Ndikangoti "handimuzive", kuti sindikumudziwa, pamaso pa azakhali a mwamuna aja, ukwati wathera pomwepo, ndipo iye akudziwa. Koma m'mawa uno wabweranso, wawasambitsa amayi, wawapesa tsitsi, wandipatsa moni, osafunsa kuti ndaganiza chiyani.

Diresi yobiriwira ndasita kale. Mikanda ndi iyi m'chikwamamu, gwirani muone. Loweruka ndi mkuja. Azakhali aja akadzanditembenukira n'kufunsa kuti mtsikanayu ukumudziwa, inuyo mukanakhala ine, mukanayankha chiyani?