Nambala ya Daumantas

Tsiku limene anamuchotsa pa timu, Daumantas sanaitanidwe n'komwe mu ofesi. Anamuuzira pakhonde, chikwama chili kumsana.

"Wayesetsa, mnyamata," anatero mkulu wa timuyo, maso ali pa foni. "Koma nambala yako waiona wekha."

Anali ataionadi. Dziko lonse la Lithuania linali litaiona.

Inu amene mwafooka lero, takhalani pansi ndikuuzeni za munthu ameneyu. Ndi wa m'tauni mwathu muno, ndinamuona akukula, ndipo ndikamatchula dzina lake ndimanyada kwabasi.

Kwathu kuno basiketibolo sitiseka nayo. Masewera akatha, wosewera aliyense amapatsidwa nambala yake. Amaphatikiza zabwino zimene wachita: mapointi, mipira imene wawakha itadunda pa dengu, mipira imene wapatsira mnzake n'kugoletsa. Kenako amachotsera zoipa: kuphonya, kutaya mpira, mafaulo. Chotsalacho ndiye iweyo. M'mabasi, m'malo omwera, ngakhale pa maliro, anthu amatsutsana za nambala imeneyi mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

Chaka chimenecho, pa osewera onse a mu ligi yaikulu, Daumantas ndiye anali kumchira. Nambala yake sinafike ngakhale pa ziro, inali pansi pake. Anyamata a pa wailesi anaseka kuti timu ikanapindula ikanangoimika kabati m'bwalo, poti kabati sachita faulo. Dzinalo linamumatirira pomwepo.

Anabwerera kwa mlongo wake wamkulu, Jolanta, namwino amene anamulera makolo awo atafa pa ngozi ya galimoto. Ntchito anaipeza pa fakitale ya mipando, yokweza katundu m'malole. Chimunthu chonse chija, chowerama pa khomo lililonse, chinkangoyenda chozyolika.

"Kabati!" anzake a pa ntchito ankamukuwira. "Tabwera udzanyamule m'bale wako uyu!"

Iye ankangonyamula.

Mpira sanausiye. Akaweruka ankapita ku holo ya pasukulu kukasewera ndi timu ya anthu wamba: madalaivala, wometa tsitsi, ndi mphunzitsi wina wa mimba yake. Koma ankasewera ndi mtima wa munthu wobwezera. Mpira ukangofika m'manja, waponya. Ali kutali, waponya. Anthu atatu amuzinga, waponyabe. Tsono manja ake, tinene zoona, anali ouma ngati nkhuni. Mapeto ake ndi madalaivala omwe anasiya kumupatsira.

Tsiku lina Jolanta anapita kukaonerera. Pobwerera kunyumba, chisanu chikuluma makutu, sanamubisire.

"Iwe, ndakuona. Munthu wina anandifunsa ngati ndiwe m'bale wanga, ine ndati ndabwera kudzaona wometa tsitsi."

"Ndikufuna nambala, achemwali. Popanda nambala palibe adzandiyang'anenso."

"Nambala! Mulungu anakupatsa msana ngati chitseko cha tchalitchi, iwe n'kumalimbana ndi manja amene sanakupatse. Mbatata zonse ndinakudyetsa zija zinapita kumapewa, sizinapite ku zala. Gwiritsa ntchito mbatata zanga."

Mawu amenewa anamupweteka. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo atagona nawo masiku angapo anawamva.

M'bwalo muli ntchito ina imene palibe amaikonda, ntchito yotchinga. Mnzako wodziwa kuponya amakhala ndi mdani womulondalonda paliponse. Iwe umapita kukaima nji pa njira ya mdaniyo, iye n'kudziwomba pa iwe, mnzako n'kumasuka n'kuponya mwamtendere. Ukaima bwino, mapointi amalembera woponyayo, iwe ziii. Phazi likangosuntha pang'ono, woyimbira amaimba wezulo, faulo ndi yako, nambala yako n'kutsika. Ndi ntchito yopanda zikomo.

Daumantas anaisankha imeneyo. Anaphunzira kuti ukafika msanga mdani amakuona n'kukuzungulira, ukachedwa wamugunda. Anaphunzira poika phazi ndi phewa loperekera. Mnzake aliyense anamuwerenga: uyu amakonda kutulukira kumanzere, uyu amafuna kaye adundise mpira kamodzi. Nthiti zinkakhala zotupa, Jolanta n'kumazipaka mankhwala uku akulalata.

Timu ya anthu wamba ija inayamba kupambana. Mphunzitsi wa mimba uja anayamba kugoletsa ngati mnyamata, mpaka ankayenda monyang'wa m'tauni, akuyesa kuti unyamata wamubwerera. Zaka zinapita. Timu ina yaing'ono ya tauni yoyandikana nayo inamutenga Daumantas, nayonso inayamba kupambana. Otamandidwa anali oponya. Iye nambala yake inali yomvetsa chisoni ngati kale.

Kenako timu ya tauni yathu inakwera kulowa mu ligi yaikulu. Osewera onse anali atapezeka, kunatsala malo amodzi. Anaitana anthu awiri kuti adzayesedwe pa masewera okonzekera: Daumantas, amene msinkhu unali utayamba kumuthawa, ndi Gvidas, kamnyamata kothamanga, koponya mokoma. Daumantas ankadziwa kuti akaphonya apa, khomo la ligi yaikulu lamutsekekera mpaka kalekale.

Ine ndinali m'komiti ya timu, choncho zotsatirazi ndinaziona ndi maso angawa.

Pa masewera otsiriza tinali titatsalira ndi mapointi awiri, nthawi ili pafupi kutha. Mpira unafika kwa Daumantas, osati kutali kwenikweni ndi dengu. Holo yonse inaimirira. "Ponya! Ponya!" Akanagoletsa tikanafanana, ndipo nayenso akanakhala ndi kanthu koloza.

Sanaponye. Anaona Gvidas akubwera chothamanga, anamuikira mpira m'manja, iye n'kuima nji. Adani awiri anadziwomba pa iye ngati agunda khoma. Gvidas anatulukira kuseri kwa mzere woponyera patali ali yekhayekha, anaponya wa mapointi atatu, mpira unalowa osakhudza chitsulo cha dengu.

Holo inachita kugwedezeka. "Gvidas! Gvidas!" Anamunyamula m'mwamba. Daumantas anakhala pa benchi akumasula zingwe za nsapato. Pa masewera onsewo sanagoletse ngakhale kamodzi, ndipo anali atangomupatsa ulemerero munthu amene ankalimbirana naye malo.

M'mawa mwake tinakumana pa kanyumba ka khofi ka pafupi ndi holo, mbale ya buledi wakuda wokazinga ndi adyo ili pakati. Panali a komiti, panali bambo Česlovas, kochi wathu wokalambira m'bwalo, ndiponso Raminta, mtsikana amene timu inamulemba ntchito yosanthula ziwerengero. Awiriwa sankamwerana madzi. Bambo Česlovas ankakonda kunena kuti nambala imene amaikhulupirira ndi ya nsapato yawo yokha.

"Tikambirana chiyani apa?" anayamba iwo. "Gvidas. Mwana uja manja ake ndi uchi. Winayo amathamanga ngati akukoka ngolo."

Mitu inagwedezeka kuvomereza. Aliyense ankayembekeza kuti Raminta angotsindika, poti kamodzi kokha maso a mkulu ndi ziwerengero zake zinali zitagwirizana.

"Pa nambala imene tonse timaidziwa, Gvidas ndi woyamba, Daumantas ndi wotsiriza," anatero Raminta. "Koma ndawerengeranso mwa njira ina. Daumantas akakhala m'bwalo, timu imagoletsa kuposa adani. Akakhala pa benchi, timatsalira. Gvidas yemweyo mipira yake imalowa Daumantas akakhalamo. Akatuluka, yambiri imadunda."

"Mwayi chabe umenewo," anatero bambo Česlovas.

"Mwina. Masewera ndi ochepa, sindingalumbire. Ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa. Ine ndikungoona utsi, a kochi. Kumene kuli moto mungakuone ndinu."

"Mwanawe, ine ndinayamba kuona mpira iwe usanabadwe."

"Vuto lake ndi limenelo. Mumaona mpira. Tonsefe timaona mpira. Lero taonani munthu."

Abale, palibe anayankhulapo chotero kwa bambo Česlovas n'kutsala ndi ntchito. Iwo anafiira makutu, koma anakoka mpando.

Raminta anatsegula kompyuta n'kuika kanema wa masewera a dzulo lake. Sipanapite nthawi, maso a mkuluyo anali atathawira kale ku mpira, monga amachitira munthu aliyense wobadwira m'dziko muno. Mtsikanayo anatenga kambale ka pansi pa kapu n'kumaphimba nako mbali imene kunali mpira.

"Chotsa chimenecho!"

"Ayi, a kochi. Onani uyo."

Anaonadi. Khofi anazizira. Buledi tinamutha ndife.

"Tabweza," anatero patapita nthawi. "Bwezanso. Taona phazi ilo. Wadikira kuti mdani acheuke, ndiye wafika. Apa wadziwa kuti Gvidas atulukira kumanzere. Anamuuza ndani? Asewera limodzi liti anthu amenewa?" Anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Apa watseka awiri ndi phewa limodzi, phazi osasuntha. Koma ndiye mfiti!"

Tsopano anali iwo akumufotokozera Raminta, chala chili pa galasi, chifukwa chimene ziwerengero zake zinkatulukira choncho. Iye ankangomvetsera, maso ali gwa.

Wapampando wa komiti sanakondwe. "Koma a kochi, anthu amabwera kudzaona mipira ikulowa. Tikamusiya Gvidas atigenda. Tangotiuzani, pa awiriwa wosewera wabwino ndani?"

"Mukawaimika aliyense payekha, ndi Gvidas, ndipo sayandikana n'komwe," anayankha bambo Česlovas. "Koma munaonapo ndani akusewera yekha? Oponya ndili nawo kale, ndipo onse akulira kuti adani sawapatsa mpata wopumira. Ndikusowa wowatsegulira njira."

Mtsutso unakula. Wina anati ziwerengero sizinama. Wina anati maso a munthu wodziwa sanama. Wina anamenya tebulo mpaka supuni zinadumpha. Bambo Česlovas anatembenukira kwa Raminta.

"Ndiye kuti nambala yanu yotchuka ija ndi yabodza."

"Si yabodza, a kochi. Imawerenga zimene tinaiuza kuti iziwerenga, basi."

Mkuluyo anakanda chibwano. "Maso anganso ndi chimodzimodzi," anang'ung'udza. Kwa munthu ngati iwo, kumeneko kunali kupepesa kwakukulu.

Pomwe tinkawolokera ku holo masana amenewo, tinapeza Daumantas ataima pakati pa bwalo, atanyamula jezi ya timu yochapa ndi yopinda bwino.

"Imeneyo ukupita nayo kuti?" anafunsa bambo Česlovas.

"Ndabwera kudzabweza, a kochi. Ndathokoza pondiyesa. Gvidas ndi woyenera."

"Ndakufunsa maganizo ako ine?" Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, khosi lili chagada. "Dzulo unali ndi mpira pafupi ndi dengu. Bwanji sunaponye?"

"Ndikanatha kuphonya. Ndipo ndikanagoletsa tikanangofanana. Gvidas anali ndi atatu."

"Unadziwa kuti ukumupatsa malo ako?"

"Ndinadziwa."

"Ukudziwanso kuti sutha kuponya?"

"Ndikudziwa, a kochi."

"Chabwino. Usadzaphunzire. Lolemba m'mawa ndikupeze pano utavala jezi imeneyo."

Daumantas sanamve msanga. Anayang'ana kochi, anayang'ana Raminta, amene ankamwetulira, kenako anayang'ana jezi ija. Ndiye chimunthu chonse chija chinakhala pansi pa bwalo, chinabisa nkhope m'jezimo n'kuyamba kulira mokweza. Ine sindibisa, nanenso misozi inatsika, ndipo sindinaipukute.

Gvidas anatengedwa ndi timu ina ndipo akuchita bwino, mwana uja ndi dolo ndithu. Akatswiri a pa wailesi ankati ife sititha chaka mu ligi yaikulu. Tilimobe mpaka lero. Oponya athu amabwera ali anthu wamba n'kuchoka ali otchuka, ndipo pochoka aliyense amayamba wakamukumbatira Daumantas. Iye tsopano ndi kaputeni. Mukapita kumalo omwera mudzapeza anthu akutsutsanabe kuti munthu wosagoletsa angakhale bwanji kaputeni, ndipo ife a m'tauni muno timangowasiya alankhule, mutu tili m'mwamba.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakuyezani n'kukuuzani kuti ndinu otsiriza. Mwina kusukulu, mwina kuntchito, mwina m'banja momwe. Musalimbane ndi kukhala munthu amene simuli. Funani chimene manja anu, mutu wanu kapena msana wanu ungathe, ngakhale chikhale chimene ena amachinyoza, ndipo muchichite mpaka pasapezeke wokuposani. Oyeza amatha kuchedwa kuona, koma ntchito yabwino sibisika mpaka kale. Gwirani ntchito yanu, abale anga, ndipo mtima wokhawo musautaye.