Madigiri Awiri ndi Supuni Imodzi

Pachibale ankamutchula kuti Namapiritsi. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake, tsiku limene anamva kuti mtsikanayo wabwereranso ku yunivesite. "Anzake amapita kusukulu kuti akamalize," anatero azakhaliwo, "koma uyu ndiye wakwatiwa nayo." Digiri yoyamba ya zamankhwala inali kale pakhoma, mufulemu yagalasi. Ndiye ankakafunanso chiyani? Akuti kukaphunzira mmene amapangira mapiritsi m'mafakitale. Azakhali anagwira pakamwa. Zaka ziwiri zathunthu, munthu wamkulu ndithu, kuphunzira kanthu kochepa ngati nyemba koti ena amangomeza n'kuiwala.

Namapiritsi anali mwana wa wokonza mawailesi. Bambo akewo anali ndi kashopu pafupi ndi pokwerera mabasi, pakati pa wometa tsitsi ndi wosoka nsapato, ndipo moyo wawo wonse anauyendetsa ndi chikhulupiriro chimodzi, chakuti chinthu chotsekedwa chimabisa bodza. Wailesi yatsopano ikalowa m'nyumba, isanalankhule n'komwe, inkayamba yatsegulidwa kumbuyo. Wotchi ya pakhoma anaimasula kawiri. Ulendo wachiwiriwo inasiyiratu kuyenda, koma iwo ankati bola anaona m'kati. Mayi ake anamwalira iye ali ku sekondale, moti anakula ndi bambo akewo basi, m'nyumba yodzaza timawaya ndi tizomangira. Mtima wofuna kudziwa za m'kati mwa zinthu anautenga kumeneko, ngakhale onse awiri sakanavomera kuti amafanana.

Zimene anakaphunzira n'zosavuta kufotokoza, kungoti palibe wachibale anapirirapo kumva mpaka kumapeto. Pali mapiritsi ena amene amakutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Kakhunguko si kokongoletsa ayi. Ntchito yake n'kutulutsa mankhwala pang'onopang'ono, kuti piritsi limodzi lomwedwa m'mawa ligwire ntchito tsiku lonse. Ukaliphwanya, mankhwala a tsiku lonse amakhuthukira m'magazi nthawi imodzi. Nkhani yonse ndi yomweyi, koma ku yunivesite nkhani yotere saimaliza tsiku limodzi.

Mu labotale munali makina okhala ndi timitsuko tagalasi tisanu ndi kamodzi, todzaza madzi ofunda ngati thupi la munthu, kachitsulo kakuzungulira m'kati. Ophunzira ankatitchula kuti mimba zagalasi. Namapiritsi ankaponya piritsi m'kamtsuko kalikonse, n'kukhala pampando wopanda chotsamira, ndipo ola likakwana ankatapa timadzi n'kuyeza kuti mankhwala atuluka ochuluka bwanji. Mawa lake chimodzimodzi. Anzake anakwatiwa, anabereka, ana anayamba kukwawa, iye ali pheee kuyang'ana piritsi likusungunuka. Pamapeto pake analemba buku lamasamba zana ndi makumi anayi, limene linawerengedwa ndi anthu atatu padziko lonse lapansi, awiri mwa iwo chifukwa inali ntchito yawo. Pulofesa wake anamuyamikira kuti mimba ya munthu akuidziwa kuposa eni mimba.

Tsiku lolandira digiri bambo ake anavala suti ya ukwati wawo, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo tsopano ndi dokotala. Iye anayesa kuwakonza, koma zinali ngati kulankhula ndi wailesi. Kuyambira pamenepo achibale anayamba kumubweretsera mawondo, zidzolo ndi misana.

"Ine sindiyeza odwala, azakhali. Ndimapanga mapiritsi."

"Chabwino, tipatse mapiritsiwo."

"Sindiloledwa kutuluka nawo."

"Ndiye sukulu yonseyi yatithandiza chiyani ife?"

Anapeza ntchito pa fakitale ya mankhwala kunja kwa tauni. M'mawa uliwonse ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala ovolosi yoyera, kachipewa kobisa tsitsi, magolovesi ndi timatumba tophimba nsapato. Ankayang'anira chimgolo chachitsulo chozungulira, mmene mapiritsi masauzande ankagubuduzika akupoperedwa kakhungu kaja. Mpweya ukatentha kwambiri, khungu limang'ambika. Ukazizira, mapiritsi amamatana. Ola lililonse ankatapa angapo, kuwaika pasikelo, kuwaunika, kusaina pepala. Azakhali ataona chithunzi chake ali pantchito anapukusa mutu. "Madigiri awiri, kuvala ngati wophika buledi."

Kenako bambo ake anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi apinki, limodzi m'mawa uliwonse, ndipo Namapiritsi atangoona katoni yake anadumpha. Anali a ku fakitale kwawo, otuluka m'chimgolo chake chomwe chija. Nthawi yoti sukulu yake ioneke phindu inali itakwana. Anawakhazika bambo ake pa tebulo n'kuwafotokozera za kakhungu kwa mphindi makumi anayi, mpaka kujambula mimba kuseri kwa kalendala. Iwo anagwedeza mutu m'malo onse oyenera, monga amachitira kasitomala akamawauza chimene chavuta mu wailesi.

Patapita miyezi, wometa tsitsi uja anamuimbira foni. Anati achikulirewa akumachita chizungulire m'mawa, ndipo kawiri konse anawapeza atakhala pansi mu shopu, atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu. Loweruka Namapiritsi analawirira kwa bambo ake. Pa tebulo panali kapu ya tiyi, buledi woviikidwa mpaka kufewa, ndi kasosala. Pa sosalapo panali supuni, kunsi kwake kutamatirira ufa woyera ndi tizidutswa tapinki.

Anaitola supuniyo ngati wapolisi wopeza mpeni. Zaka ziwiri za moyo wake, buku lonse lija, zonse zinali apo kunsi kwa supuni ya tiyi.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Supuni. Sanakuphunzitseni kumeneko?"

"Mukuphwanya mapiritsi! Ndinakuuzani chiyani ine?"

"Ndimangofuna kuona m'kati."

"M'kati ndinaikamo ndine! Mundifunse ine za m'katimo!"

Anabwereza phunziro lonse. Anatenga matambula awiri amadzi, mu imodzi n'kuponyamo piritsi lathunthu, mu inayo ufa, kuti adzionere okha kusiyana kwake. Iwo anavala magalasi, anasuzumira, n'kunena kuti zaonekadi, sayansi ndi yabwino. Pochoka, mwanayo anaponya supuni ija m'chikwama chake n'kupita nayo, ngati kuti m'nyumba ya wokonza mawailesi mungasowe chophwanyira. Sabata yotsatira anapeza ufa wapinki m'mano mwa pulayala.

Apa mtima unamupweteka zedi, ndipo sanabise. Anadandaulira azakhali kuti bambo ake amanyadira digiri ikakhala pakhoma, koma ikatsegula pakamwa amatseka makutu. Akanakhala mwana wamwamuna bwenzi akumvera. Akanakhala wometa tsitsi, bwenzi akulemba m'kope mawu aliwonse. Azakhali anayankha kuti mchimwene wawoyo ndi wamakani chibadwire, ngakhale ali mwana ankamasula zidole za anzake. Nkhani inagwirizana bwino kwambiri. Aliyense ankawadziwa achikulirewo, ndiye panalibe chifukwa chowafunsa.

Namapiritsi anawonjezera mphamvu. Anawabweretsera buku lake lija, atapinda tsamba loyenera. Iwo analipukuta fumbi n'kuliika m'kabati yagalasi pamodzi ndi mbale za alendo. Mwanayo analemba ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni kuti OSAPHWANYA. Ankaimba foni m'mawa uliwonse asanavale ovolosi. "Mwameza lathunthu?" Iwo ankati, "Ndamwa, mayi," ndipo iye, wozolowera kusaina mapepala, ankaona ngati yankho lakwana.

Lachitatu lina m'mawa bambo ake anagwa mu shopu. Anamenyetsa chipumi pa ngodya ya tebulo, magazi kuyenderera mpaka pa kolala. Wometa tsitsi ndi amene anawadzutsa n'kuwamanga thaulo. Namapiritsi anapempha tchuthi, nakagona kwa bambo ake, ali ndi mantha amene anawasandutsa ukali chifukwa ukali ndi wosavuta kunyamula. Kutacha anaika tambula yamadzi pa tebulo, n'kutulutsa piritsi limodzi.

"Lero mumeza ine ndikuona. Simuchoka pano."

"Ndimwa kushopu."

"Pompano, bambo. Mukufuna ndidzakupezeni mutafa pakati pa mawailesi? Anthu adzati mwana wake amapanga mankhwala!"

Achikulirewo analiyang'ana piritsilo nthawi yaitali. Kenako analiika pa lilime, anamwera madzi, n'kukweza chibwano. Khosi linagwedezeka kamodzi, kawiri. Maso anafiira. Anayamba kutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno, dzanja limodzi litagwira tebulo, ndipo Namapiritsi anapezeka ali chilili akuwamenya pamsana, akufuula "Bambo! Bambo!" ngati kamwana. Piritsi linagwera m'dzanja mwawo. Linali lonyowa, lapinki, losang'ambika ngakhale pang'ono.

Atapeza mpweya anapukuta misozi ndi mkono wa malaya, n'kumuonetsa.

"Khungu lakoli ndi lolimba, mayi. Unaphunziradi."

Iye sanaseke.

"Sizikudutsa," anatero motsitsa mawu, akuloza pakhosi. "Papita miyezi isanu. Poyamba inali nyama yokha. Pano ngakhale buledi mpaka ndiviike."

Namapiritsi anayang'ana pa tebulo, pamene panali kapu ya tiyi ndi buledi wofewa uja, amene ankamuona Loweruka lililonse n'kumati ndi ukalamba. Anayang'ana kolala ya malaya, mmene inkalendewera pakhosi. Pa lamba panali mabowo awiri atsopano, obooledwa bwinobwino ndi msomali wotentha. Zonsezi zinali poyera, ndipo munthu amene ankatha kuona kamng'alu pa piritsi limodzi pakati pa masauzande anazidutsa miyezi yonseyi.

"Bwanji osandiuza?"

"Unandifunsa? Iwe umangofika n'kuyamba kalasi." Anamwetulira pang'ono. "Komanso umalankhula za khungu lakolo maso akuwala. Ndikanayamba bwanji kukuuza kuti chinthu chako chabwinochi chikundikanika?"

Namapiritsi anakhala pansi. M'mutu mwake munabwera mimba zagalasi zija, zisanu ndi imodzi, zili pamzere, zoyasama kumwamba. Piritsi ankangoliponyamo, thapwi, lafika. Zaka ziwiri zonse, masamba zana ndi makumi anayi, pulofesa ndi anzake, panalibe amene anakumbuka kuti kwa munthu piritsi limayamba ladutsa pakhosi. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha enieni, poti sukulu yomweyo inamuphunzitsa zokwanira kudziwa kuti khosi lokana chakudya miyezi isanu si nkhani ya supuni.

Anatenga piritsi lija m'dzanja mwawo n'kulikulunga m'kapepala.

"Valani jekete. Tikupita kuchipatala. Mankhwalawa akakusinthirani, akakupatsani oti muzitha kumeza. Koma choyamba akaone khosilo."

Ankayembekezera makani, ndipo anali atakonzeka kale kukangana. Koma bambo ake ananyamuka pang'onopang'ono, nafunafuna chipewa chawo. Ali pakhomo anaima, dzanja lili pa chitseko, osamuyang'ana mwana wawo.

"Kumeneko amachita bwanji? Amangofunsa mafunso?"

"Ayi. Ali ndi kachubu kokhala ndi kagetsi kumapeto. Amalowetsa pakhosi."

"Ndiye kuti akaona m'kati?"

"Akaona m'kati, bambo."

Anagwedeza mutu, ngati mmisiri amene wamva kuti mnzake amagwira ntchito moyenera.

"Bola," anatero. "Ineyo ndimaopa kutsegula ndekha."

Namapiritsi anakhoma chitseko. Pofuna kuponya kiyi m'chikwama, dzanja lake linakhudza supuni ija, imene inali idakali momwemo. Anaisiya, n'kuwagwira bambo ake pamkono potsika masitepe.